Mwana wapezeka ndi bowo mumtima, kodi echo yokha ikukwana?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, wanditumizira imelo, akuti mwana wake wa miyezi 4 anamupeza ndi bowo mumtima atamuunika ndi echo (sikani yoonera mtima pogwiritsa ntchito mafunde a mawu), adokotala angoti tidikire tidzaonenso, ndiye achibale akumupanikiza kuti apite ku MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi munthu atagona m'menemo, poti ndiye makina aakulu.

Achemwali, mtima pansi kaye. Pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi za mtima pali khoma la mnofu, likapanda kutsekeka bwinobwino mwana ali m'mimba ndiye bowo limenelo, madokotala amati VSD. Mtima umaumbika m'masabata 8 oyambirira, ena asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera, ndiye zoti mwina munalakwitsa penapake kapena wina wakulodzani zisiyeni. Pafupifupi mwana mmodzi pa 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima.

Echo anthu amaiderera chifukwa imaoneka yophweka, kajelo pachifuwa, kachipangizo akukayendetsa pakati pa nthiti basi. Komatu pa sikirini paja adokotala akuona mtima ukugunda pompopompo, akuyeza kukula kwa bowo, pomwe lili, ngati mnofu wakhuthala kapena chipinda chatanuka, ndipo mitundu yofiira ndi yabuluu imene imaoneka pamenepo ikuonetsa komwe magazi akulowera. Pa khanda zimaoneka bwino kuposa pa munthu wamkulu poti kachifuwa n'kopyapyala. MRI ili ndi ntchito yake, monga mwana amene anachitidwa opaleshoni ya Tetralogy of Fallot (vuto lina lalikulu la mtima lobadwa nalo) akakula, amafuna kuyeza chipinda chakumanja ndi zipsera mumnofu. Koma khanda silingagone duu m'makina aphokoso aja, mpaka kuligoneka ndi mankhwala, kuphatikiza madola ambirimbiri, zonsezo kuti mungouzidwa zomwe echo yanena kale. Ine sindingavutitse mwana choncho adokotala asanapemphe okha.

Kudikirako si kukutayani ayi. Kabowo kakang'ono, makamaka kamene kali pamnofu penipeni, kawirikawiri kamatsekeka kokha mwana akamakula. Chodabwitsa n'choti kakang'onoko nthawi zambiri ndi kamene kamasokosera kwambiri adokotala akamamvetsera pachifuwa.

Inu maso akhale pa kayamwidwe ndi sikelo. Akamatuluka thukuta poyamwa, kuyamwa pang'ono n'kusiya atatopa, kupuma mwabefu, osakwera sikelo, kapena milomo kuda, musadikire tsiku lolembedwa pakhadi, thamangirani kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Gomo mutanyamula khadi la sikelo ndi pepala la echo lija.