Kukuuzani njira si kukuuzani kuti nyamukani

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza. Mwati mukuphunzira kuyendetsa ndege pa bwalo laling'ono lokhala ndi tower, nsanja ya oyang'anira kayendedwe ka ndege. Mutaima pa holding point, malo odikirira musanalowe mu runway (msewu wonyamukira ndi kuterapo ndege), a pa tower anakuuzani kuti: "After departure turn left, not above 1500 feet." Ndiye kuti mukanyamuka mukhotere kumanzere, musapitirire mafiti 1500. Munabwereza mawuwo, n'kuyamba kulowa mu runway, iwo n'kukuimitsani mwamphamvu. Mukufunsa kuti munalakwa pati poti chilolezo anali atapereka kale.

Munalakwadi, ndipo sindikubisirani. Zimene anakupatsanizo ndi zoti mukachite mukafika m'mwamba. Chilolezo cholowera mu runway n'china, chonyamukira n'chinanso. Anati "departure". Mawu oti "take-off" a pa tower amawatchula pokhapokha pamene akukulolani kunyamuka kapena akukulandani chilolezocho.

Lamulo limeneli linabwera ndi maliro. Pa 27 March 1977, pa bwalo la Los Rodeos ku Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pa runway kuli chifunga, ndipo anthu 583 anafa. A KLM anali atangolandira malangizo a njira yawo, momwe munali mawu oti "take-off", basi n'kuyamba liwiro asanaloledwe. Cholakwa chake n'chomwechi chimene mwachita inuchi, kungoti inu anakuonani msanga.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi aphunzitsi amene amalekerera wophunzira kuyankha kuti "roger" pa chilichonse. "Roger" amangotanthauza kuti ndamva. Nambala ya runway, QNH (nambala ya kupanikiza kwa mpweya yomwe mumaika pa altimeter, chida choonetsa msinkhu wa ndege), squawk (nambala yokuzindikiritsani pa radar), msinkhu wokwera, komanso chilolezo cholowa, kudutsa kapena kunyamuka pa runway, zonsezi muzibwereza mawu ndi mawu, n'kumalizira ndi callsign yanu, dzina la ndege yanu pa wailesi. Pensulo ikhale m'dzanja, pepala pa bondo, lembani kaye kenako dinani batani la wailesi. Mukaphonya QNH ndi ma hectopascal 10 (ndiwo muyeso wake), altimeter yanu inama ndi mafiti pafupifupi 300, ndiye 1500 yanu ija si 1500 ya anzanu.

China chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akangomva "cleared for take-off" maso amasiya kugwira ntchito. Mu Class D, womwe ndi mtundu wina wa mlengalenga woyang'aniridwa, ndege ya VFR (youluka podalira kuona ndi maso) a pa tower saitalikitsa ndi ndege zina, amangokuuzani kumene zili. Kuziona ndi kuzipewa ndi udindo wanu. Musanadutse mizere yachikasu ija, iwiri yosadukiza ya mbali yanu ndi iwiri yodukizadukiza kutsogolo kwake, tembenuzani khosi muyang'ane kumene ndege zotera zimachokera. Nyengonso musawasenzetse a pa tower: mwa malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, ponyamuka pa VFR mu control zone (mlengalenga woyang'aniridwa wozungulira bwalo) pamafunika kuona makilomita 5, ndipo mitambo yophimba isatsike kuposa mafiti 1500. Zikachepera apo, pemphani Special VFR, chilolezo chapadera choulukira nyengo ikachepera, kapena khalani pansi. Akakupatsani njira yoti ikulowetseni mu mtambo, nenani "unable" (sindingathe) popanda manyazi.

Nanga bwalo lopanda tower?

Kumeneko kulibe wopereka chilolezo. Wa AFIS, wopereka uthenga pa wailesi pa bwalo lotere, amangokudziwitsani za mphepo, runway ndi ndege zina, chiganizo n'chanu. Pena kulibiretu munthu, mumalengeza nokha pa wailesi kuti ndinu ndani, muli pati, mukuchita chiyani.

Koma pa bwalo lanulo chitani motere. Mverani ATIS ngati ilipo, uthenga wojambulidwa wonena za nyengo ndi runway womwe umadziwika ndi chilembo. Itanani, tchulani callsign, mtundu wa ndege, pamene mwaima, chilembo cha ATIS, kumene mukulowera ndi msinkhu womwe mukufuna. Pa holding point mukamaliza macheki nenani "ready for departure". "Line up and wait" ndiye kuti lowani muime. Power muonjezere mutamva "cleared for take-off" pamodzi ndi callsign yanu ndi runway yanu. Mukakayika ngakhale pang'ono, mapazi akhale pa mabuleki, mufunse kuti "confirm cleared for take-off".