Ziro wa kumapetoyo ali ndi ntchito yake

Mwafunsa chifukwa chomwe aphunzitsi anakudulirani malikisi mutalemba 23.4 mL powerenga burette (kachubu kagalasi koyezera kuchuluka kwa madzi mu labu), iwo n'kunena kuti mukanalemba 23.40, chonsecho manambala awiriwa ndi ofanana. Pa masamu ndi ofananadi achimwene, koma mu labu ayi ndithu, ndipo ine ndili mbali ya aphunzitsi anuwo.

Nambala imene mwalemba imauza woiwerenga kuti chipangizo chanu chimatha kuyeza mpaka pati. Burette ya 50 mL ili ndi timizere totalikirana 0.1 mL. Choncho 23.4 mwangoiwerenga pamzere, palibe chokayikitsa. Koma diso limathanso kuona ngati madzi aima pamzere penipeni kapena apitirira pang'ono kulowera ku 23.5, ndipo nambala yomalizayo mumachita kuyerekeza nokha. Mukalemba 23.40 ndiye kuti mukunena kuti munayang'anitsitsa, madzi anali pamzere ndendende. Mukalemba 23.4 basi, wina angaganize kuti anali 23.36 kapena 23.44, inu n'kungozunguliza. Aphunzitsi ena amafuna muziyerekeza mpaka 0.05, ena mpaka 0.01. Funsani anuwo kuti amatsata ziti.

Kuyerekezako kumafuna kuima bwino. Madzi mu burette amapindika pamwamba ngati kambale, ndiye werengani pansi pa kupindikako, diso lili molingana ndi madziwo, osati mutasuzumira kuchokera pamwamba. Kapepala koyera kuseri kwa galasi kamathandiza kwambiri. Musaiwalenso kuti manambala a burette amakula kupita pansi. Mankhwala ngati potassium permanganate ndiwo ovuta, mtundu wake ndi wakuda moti pansi pake sipaoneka, n'chifukwa chake ambiri amawerenga m'mphepete mwa pamwamba.

Vuto lina, lomwe limandinyansa kuposa lanulo, ndi kukopera chilichonse chimene calculator yatulutsa. Tinene kuti chinthu chikulemera 12.47 g ndipo kukula kwake mwapeza 5.0 mL. Mukagawa mupeza 2.494, koma 5.0 uja ali ndi significant figures (manambala amene munawayezadi) ziwiri zokha, ndiye yankho ndi 2.5 g/mL. Manambala enawo simunawayeze, mwangowatola. Pochulukitsa ndi pogawa zimatero. Pophatikiza ndi pochotsera mumayang'ana manambala a kumanja kwa kadontho: 12.47 kuphatikiza 3.1 ndi 15.6, osati 15.57. Koma zungulizani kamodzi kokha, pomaliza penipeni.

Maziro oyambirira sawerengedwa, amangosunga malo. Mu 0.0250 g muli significant figures zitatu: 2, 5 ndi ziro womalizayo.

Pa sikelo ya digito musayerekeze kanthu, lembani zonse zomwe ikuonetsa, ndi maziro omwe. Kungoti kuchuluka kwa manambala sikutanthauza kuti ndi olondola. Sikelo yoyeza mpaka 0.0001 g ingakupatseni 2.5031 maulendo angapo motsatizana, onsewo olakwika mofanana ngati simunadine tare (batani lobwezera sikelo pa ziro) mutaikapo kabotolo kopanda kanthu, kapena ngati yapendekeka patebulo. Musanayambe kuyeza, onani kaye ngati kathovu kosonyeza ngati sikelo yapendekeka kali pakati pa kabwalo kake.