Funsani Tikuyankheni: Wapeza 55 koma akuti walephera

Funso: Mwana wanga ali chaka choyamba pa yunivesite ina kuno ku Lilongwe. Akuti mayeso omaliza a semesita a kosi ina anapeza 55 pa 100, komabe kosiyo walephera ndipo akalemba sapu (mayeso obwereza). Zimatheka zimenezi, kapena akungondipusitsa?
Mayi wa ku Area 25

Yankho: Mayi, musafulumire kumukalipira, zimatheka ndithu. Ku yunivesite sikuli ngati mayeso a MSCE, pomwe MANEB imaona zimene mwana walemba kumapeto. Malikisi a kosi iliyonse amachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ntchito ya mkati mwa semesita, imene ophunzira amaitcha CA: maasainimenti, timayeso ta pakati, ntchito ya pagulu, ndi ya mu labu kapena kumunda kwa iwo ophunzira zaulimi ngati a ku Bunda. Mbali yachiwiri ndi mayeso omaliza.

Tiyerekeze kuti pa kosiyo CA imatenga 40 ndipo mayeso amatenga 60, monga zimakhalira m'makosi ambiri. Malikisi 55 a mwana wanu akawachepetsa kuti akwane pa 60 amatsala 33. Ngati pa CA anapeza 14 yokha, zonse pamodzi ndi 47. Pomwe malire okhozera ali 50, wagwa. Choncho funso loyenera kumufunsa n'lakuti maasainimenti ankapereka pa nthawi yake? Ambiri amagwera pomwepa: kupereka mochedwa amakudula malikisi, ndipo kukopera ntchito ya mnzako kapena ya pa intaneti kumabweretsa ziro, mwinanso kuitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo.

Sapu ndi mwayi wachiwiri kwa amene waphonya pang'ono pa makosi ochepa. Kawirikawiri ngakhale akhoze bwanji, amangomupatsa malikisi okhozera basi. Akalepheranso, kosiyo amaisenza kupita nayo chaka chotsatira, kapena kubwereza chaka. Wolephera makosi ambiri amachotsedwa sukulu. Malire enieni amasiyana pakati pa LUANAR, KUHeS ndi mayunivesite omwe si aboma, ndiye muuzeni akubweretsereni buku la malamulo a maphunziro muwerengere limodzi.

Dziwaninso kuti makosi salemera mofanana. Kumene amagwiritsa ntchito GPA (avereji ya mapointi a makosi onse), kulemera kwa kosi amakuyeza ndi makirediti, ndipo kosi ya makirediti 4 imakoka kuposa ya makirediti 2. Wopeza mapointi 2 pa yaikuluyo ndi 4 pa yaing'onoyo GPA yake ndi 2.67, osati 3 monga ambiri amaganizira.

Funso: Ndinadwala malungo sabata ya mayeso ndipo pepala limodzi sindinalembe. Ndiye kuti ndalephera?
Wophunzira wa ku Likuni

Yankho: Ayi, bola muchite changu. Pitani ku ofesi ya Registrar ndi chikalata cha kuchipatala ndi kalata yopempha kuti mudzalembe nthawi ina. Mayeso oterewa si sapu, amawerengedwa ngati mukulemba koyamba ndipo malikisi anu mumapatsidwa onse. Cholakwika chimene ophunzira amachita n'kungouza mphunzitsi pakamwa kapena pa WhatsApp. Zotsatira zimadutsa ku dipatimenti, kenako ku fakate, mpaka Senate (komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite) kuzivomereza, ndipo onsewa amaona zolembedwa zokha. Sungani fotokope ya chilichonse chimene mwapereka, yodindidwa ndi ofesiyo.