Kodi zikumbu za pakhomo pathu zinapita kuti?

Mayi wina wa ku Monkey Bay anandilembera pa imelo kufunsa chifukwa chimene zikumbu ndi ziphaniphani zasowera pakhomo pake, chonsecho kale zinkadzaza pakhonde mvula yoyamba ikangogwa. Mayi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa pakhomo panga pano pa Mangochi zinasowanso, ndipo amene anazithamangitsa ndine ndemwe.

Ndinakulira kwa agogo anga ku Namwera, kumene kuseri kwa nyumba kunali dzala, khola la ng'ombe ndi chitsa chachikulu cha mango chimene chinkawola pang'onopang'ono popanda wochikhudza. Mu Novembala, nthaka ikangonyowa, tinkathamangira ngumbi ndi mabeseni, tinkakumba nkhululu m'munda, ndipo masana tinkakhala pansi kuonerera zikumbu zikugubuduza timipira ta ndowe kupita nato kuuna. Agogo sankatentha masamba. Ankawakokera pansi pa nthochi n'kuwasiya kuti awole. Nditamanga nyumba yanga, ndinaona zonsezo ngati uve. Ndinazula zitsa, ndinathira simenti pabwalo, ndinalamula ana kuti azisesa m'mawa uliwonse n'kutentha zinyalala, kenako ndinaika getsi lowala kwambiri loyaka usiku wonse poopa akuba. Zaka zoyambirira tinkasesa zikumbu zakufa pansi pa getsilo, ndipo ine ndinkangoona ngati ntchito yowonjezera. Pano palibenso chosesa.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti chikumbu chimatha nthawi yaitali ya moyo wake chili mphutsi m'nthaka, m'ndowe kapena mu mtengo wowola. Chiphaniphani nachonso ndi mtundu wa chikumbu: mphutsi zake zimafuna malo a chinyezi kumene zimadya nkhono, ndipo zazikulu zimapezana usiku mwa kuthwanima, kotero kuti getsi lowala limazisokoneza pokwerana. Bwalo loseseka bwino lomwe timanyadira pamaso pa alendo, kwa tizilomboti ndi chipululu.

Ena amathamangira kunena kuti ndi kusintha kwa nyengo basi. N'zoona kuti namondwe Freddy mu 2023 komanso chilala cha 2024 zinasokoneza zamoyo zambiri, pakuti mphutsi zimamira nthaka ikadzaza madzi ndipo zimauma mvula ikachedwa. Koma ine sindikhutira ndi yankho limeneli, chifukwa limatichotsera udindo. Chifikireni mbozi zowononga chimanga cha m'ma 2016 ndi 2017, ambiri tinazolowera kupopera cypermethrin ndi mankhwala ena mosayeza n'komwe, ndipo mankhwalawo sasankha kuti iyi ndi mbozi, iyi ndi njuchi. Mankhwala opha udzu alowa m'malo mwa khasu, ndipo maluwa akutchire amene ankadyetsa agulugufe m'mphepete mwa minda apita nawo. Ngakhale ivermectin amene timabaya ziweto amatuluka ndi ndowe n'kuvulaza mphutsi za zikumbu zomwe zimadya ndowezo. Onjezanipo moto wosakira mbewa chilimwe chilichonse, ndi matumba a makala amene amatsika tsiku ndi tsiku kuchokera ku nkhalango za Namizimu ndi Phirilongwe, ndipo mudzaona kuti nyengo tikuisenzetsa mlandu umene mbali yaikulu ndi wathu.

Vutoli si la kuno kokha. Ku Germany, akatswiri a ku Krefeld anayeza kulemera kwa tizilombo touluka togwidwa m'misampha kwa zaka 27, ndipo mu 2017 zinalengezedwa kuti kunatsika ndi magawo oposa 75 pa 100 alionse, m'malo otetezedwa ndi lamulo. Ngati zinatero m'malo otetezedwa, nanga pabwalo la simenti ngati langa? Mnansi wanga anandiseka nditamuuza zimenezi, akuti kuchepa kwa tizilombo ndi mpumulo. Komatu iye yemweyo amadandaula kuti maungu ake amangochita maluwa osabereka, osazindikira kuti duwa la dzungu silingasanduke chipatso popanda njuchi yonyamula mungu. Chodabwitsa n'chakuti udzudzu ndi anankafumbwe, zomwe tinkafunadi kuthana nazo, zidakalipo.

Zimene mungachite, mayi

Musaleke kugona m'neti kapena kukana opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, chifukwa malungo kuno kunyanja si nkhani yosewera nayo. Koma patulani ngodya imodzi ya pakhomo, kutali pang'ono ndi nyumba chifukwa cha njoka ndi chiswe, muziunjikapo masamba, manyowa ndi chipika chowola. Getsi la panja likhale lofiirira osati loyera, liloze pansi, ndipo muzilizimitsa ngati n'kotheka. Mukakakamizika kupopera mbewu, yezani mankhwala moyenera ndipo poperani madzulo njuchi zitaleka kuuluka. Ine ndinaswa simenti ya pansi pa mtengo wa bwemba chaka chatha, ndipo mwezi wa Disembala mdzukulu wanga anawerenga ziphaniphani zinayi pamalopo.