Za chithunzi cha mutu wa njovu chija

Achimwene, mwafunsa za chithunzi chimene munachiona pamwamba pa kauntala m'sitolo ina ya amwenye ku Limbe: wamimba yaikulu, mutu wa njovu, manja anayi, kambewa kali pamapazi. Mukuti kodi si chithumwa chokokera makasitomala? Ameneyo ndi Ganesha, mwana wa Shiva ndi Parvati m'chipembedzo cha Ahindu. Amakhulupirira kuti ndiye amachotsa zopinga panjira, n'chifukwa chake amayamba kutchula iye potsegula bizinesi, polowa nyumba yatsopano kapena pomanga ukwati. Komanso si mmwenye aliyense amene ali Mhindu. Ambiri kwathu kuno ndi Asilamu, ndipo mwawo simungapezemo zotere.

Chithunzi chotere chimawerengedwa ngati kalata. Manja ambiri sakutanthauza kuti Ahindu amaganiza za munthu wolumala. Wojambula akufuna malo oti aikepo zizindikiro zonse nthawi imodzi. Kawirikawiri dzanja lina la Ganesha limagwira kangowe kothamangitsira njovu, lina khwekhwe lokokera munthu wosochera, lina mbale ya modak, timikate totsekemera ta ufa wa mpunga tokhala ndi kokonati mkati. Lotsalalo amalitukula, chikhatho chikuyang'ana inu. Chimenecho amachitcha abhaya mudra, ndiye kuti "usaope". Mukadzapitanso yang'anitsitsani minyanga: umodzi ndi wothyoka. Si kuti wojambula analakwitsa. Nthano imodzi imati anauthyola yekha kuti alembere pamene wanzeru wina wotchedwa Vyasa ankamuuza mawu a Mahabharata, ndakatulo yaitali ya Ahindu. Nacho chitamba chili ndi nkhani yake. M'nyumba ndi m'masitolo ambiri amasankha chokhotera kumanzere, poti cholozera kumanja, monga cha ku kachisi wa Siddhivinayak ku Mumbai, amati chimafuna mwambo wokhwima tsiku ndi tsiku.

Mukazolowera kuyang'ana m'manja ndi pansi pa mapazi, milungu ina yonse ya Ahindu muizindikira msanga. Vishnu amagwira chigoba cha nkhono ya m'nyanja, chimkombero chakuthwa, chibonga ndi duwa la lotasi. Durga amakwera mkango kapena nyalugwe wamizeremizere, akubaya chiwanda cha njati, Mahishasura. Lakshmi, wa chuma, ndalama zimagwa kuchokera m'dzanja lake, ndipo ku Bengal amamuikira kadzidzi pambali, mbalame yomweyi imene ikalira padenga ife tulo timasowa. Shiva wovina, Nataraja, ali ndi kang'oma ka chilengedwe kudzanja lamanja, moto wa chiwonongeko kulamanzere, phazi limodzi litaponda kamunthu kotchedwa Apasmara, chizindikiro cha umbuli.

Koma chithunzi cha papepala ndi chosiyana ndi murti, chiboliboli cha m'kachisi, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Murti sapanga mongoganizira. Mabuku a amisiri amapereka muyeso wotchedwa tala, utali wa nkhope, womwe ndi zala 12. Milungu ikuluikulu monga Vishnu ndi Shiva imakhala ya matala 10. Ku Swamimalai, m'boma la Tamil Nadu kumwera kwa India, amisiri akadali kugwiritsa njira ya nthawi ya mafumu a Chola: amaumba chifanizo ndi phula, n'kuchimata dongo losalala la mumtsinje wa Kaveri, kuchiumitsa, kuchiwotcha kuti phula lisungunuke n'kutuluka, kenako kuthiramo mkuwa wosungunula. Dongo likapanda kuuma bwino limang'aluka pamoto; mpweya ukatsekeredwa mkati, chala kapena khutu limatuluka lobooka. Potulutsa amaswa chikombolecho, ndiye palibe ziwiri zofanana ndendende.

Ngakhale chitatha kusulidwa, kwa iwo chikadali chitsulo chabe. Chimasanduka chopembedzerapo pamwambo wa prana pratishtha, pamene ansembe amaitana mulunguyo kuti akhalemo, ndipo maso amawatsegula komalizira. Zili choncho chifukwa chimene Mhindu amapitira kukachisi ndi darshan: kuona ndi kuonedwa. Kuyambira pamenepo amachisamalira ngati mlendo wolemekezeka, kuchisambitsa, kuchiveka, kuyatsa nyale ndi zofukiza, kupereka chakudya chimene pambuyo pake anthu amagawana, chotchedwa prasad. Kwa Ganesha amapereka maluwa ofiira ndi timaudzu ta durva 21, koma masamba a tulsi, okondedwa ndi Vishnu, nthawi zambiri samupatsa. Mukafunsa Ahinduwo ngati akulambira mwala, mayankho amasiyana: ena amati mulungu alimodi, ena amati ndi zenera loonera Brahman, mzimu umodzi woposa zonse wopanda maonekedwe. Gulu la Ahindu la Arya Samaj, loyambitsidwa mu 1875, limakana mafano kotheratu.

Murti ikasweka siipembedzedwanso, komanso siitayidwa kudzala, amakaimiza m'madzi. Amachitanso chimodzimodzi pakutha pa chikondwerero cha Ganesh Chaturthi, cha masiku 10 mu Ogasiti kapena Seputembala, chimene mtsogoleri wina wandale ku India, Bal Gangadhar Tilak, anachikuza kukhala cha pagulu m'zaka za m'ma 1890. Zadongo zimasungunuka bwinobwino. Vuto ndi zapulasitala zopakidwa penti wa mankhwala, zimene zimatsalira pansi pa madzi n'kuwononga nsomba, moti maboma ena a ku India tsopano amakumba maiwe apadera oti anthu azimiziramo.