Funsani Amisiri: Ayezi Akachuluka mu Firiji

FUNSO: Zikomo amisiri. Ndimagulitsa mafirizi ndi nsomba za karapau. Firiza yanga yotsekula pamwamba imachita ayezi m'mbali monse, moti pakangotha milungu itatu chivundikiro chimavuta kutseka. Wina wandiuza kuti gasi watha. Ndikathiritse?
Mayi wa geni, Ulongwe, Angónia

YANKHO: Mayi, ndalama yanuyo isungeni kaye. Firiza yomwe gasi akuthawa imachita ayezi pakona imodzi yokha, kwina konse kulibe ayezi, nsomba n'kumafewa, kompuresa (injini yopopa gasiyo) osapuma. Yanuyo ikuumitsa mbali zonse, ndiye gasi alimo. Ayezi mukumuonayo ndi chinyezi cholowa kuchokera panja, ndipo chimalowera m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi labala wa pachivundikiro. Ng'ambani pepala la m'kope, mulipanikize ndi chivundikirocho, kenako kokani. Likatuluka mosavuta, pamenepo pakudutsa mpweya. Yesani mbali zonse zinayi, makamaka m'makona. Kawirikawiri labala amakhala atangomata ndi shuga wa mafirizi, choncho mutsukeni ndi madzi ofunda a sopo mpaka m'mapindo. Pomwe wapindika ikanipo kansalu koviika m'madzi otentha kwa mphindi zingapo, afewe, mumuwongole ndi zala. Akakhala wong'ambika kapena wouma ngati chikumba, palibenso kuchitira mwina, gulani wina.

Njira yachiwiri ndi katundu yemwe. Mafirizi asalowe ali ofunda, ndipo timapepala take muzitipukuta. Mafirizi ogulitsa tsiku limenelo muziwachotsa kamodzi n'kuika mu kulaboksi, kusiyana n'kutsekula firiza kasitomala aliyense akabwera.

Ayezi akafika mamilimita 5 kapena 6, ngati kunenepa kwa pensulo, nthawi yosungunula yakwana. Mukamusiya amakhala ngati bulangeti pakati pa mapaipi ndi katundu, kompuresa imagwira ntchito nthawi yaitali, mayunitsi a magetsi a Credelec n'kumatha msanga. Zulani pulagi, kulungani katundu m'mabulangeti, tsekulani kachivundikiro kotulutsira madzi pansi, muikemo mapoto awiri a madzi otentha atakhala pa nsalu. Madzi akazizira sinthani. Ayezi akayamba kulekana ndi khoma, mukankheni ndi chikombe cha nsima kapena chopalira cha pulasitiki.

Mpeni ayi, mayi, ngakhale mutafulumira chotani. Mapaipi a gasi ali kuseri kwa khoma lopyapyala lomwelo, ndipo kabowo kamodzi kakwanira kupha firiza. Komanso mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka moto. Mukatha pukutani mpaka muume, yatsani, dikirani maola awiri kapena atatu musanabwezere katundu.

FUNSO: Firiji yathu ndi ya No Frost, koma pansi pa firiza pamayala ayezi ngati galasi, ndipo pansi pa kabati ka masamba pamadzadza madzi. Sabata ino chipinda cham'munsi chasiyanso kuzizira. Chavuta n'chiyani?
Bambo wa ku Moatize

YANKHO: Bambo, firiji ya No Frost nayo imachita ayezi, kungoti amabisika kuseri kwa chivundikiro cha kumbuyo m'kati mwa firiza. Pakapita maola angapo kahita kamayaka n'kumusungunula, madzi n'kutsika pa kabowo, kudutsa m'kapaipi mpaka m'kambale kokhala pafupi ndi kompuresa, komwe amauma ndi kutentha. Kabowo kameneka kakatsekeka ndi nyenyeswa za chakudya kapena ndere, madzi amasowa kolowera, amasefukira ndi kuundana.

Zimitsani firiji, zitseko zikhale pululu kwa maola 24. Ola limodzi silikwana, chifukwa ayezi wa m'kapaipi ndiye amachedwa. Kenako masulani masikuluwu a chivundikiro chija mosamala, poti waya wa fani amakhala wolumikizidwa pomwepo. Pansi pa mapaipi mupeza kangalande ndi kabowo pakati pake. Sungunulani supuni yaing'ono ya soda m'theka la lita ya madzi ofunda, muzipopera m'kabowomo ndi sirinji yopanda singano mpaka mumve madzi akugwera m'kambale kumbuyo. Akakana, pitani kumbuyoko: kumapeto kwa kapaipi nthawi zambiri kumakhala kalabala kokhala ngati mlomo wa bakha, kamene kamamatana ndi fumbi. Ku Moatize kwanuko fumbi la malasha silisowa, ndiye mutsukeko, mupukutenso fumbi pa mapaipi akunja, firiji italikire khoma masentimita 10.

Za chipinda cham'munsi: mphepo yozizira imatsika kuchokera ku firiza mokankhidwa ndi fani, ndipo ayezi akatseka njirayo m'munsi mumafunda. Ikayambiranso kuzizira bwino koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri vuto n'kubwerera, ndiye kuti firiji sikudzisungunula yokha. Apa olakwa ndi atatu: hita, kasensa komata pa paipi, kapena taima yoyatsa hitayo (pa mafiriji atsopano ndi bodi yoyendetsa firiji). Mmisiri ayeze chilichonse ndi mita yoyezera zamagetsi inu mukuona. Hita yoduka siwerenga kanthu. Musalole kugula zonse zitatu mongoganizira.

FUNSO: Firiji yathu ya zitseko ziwiri yasiya kutulutsa madzi akumwa pachitseko. Tikadina timangomva kulira. Madzi a pampopi alipo.
Mayi wa ku Matundo, mzinda wa Tete

YANKHO: Kulirako ndi valavu (kotsekulira madzi) ikutsekuka, mayi, ndiye magetsi akufika. Kapaipi ka madzi ka mamilimita 6 kamadutsa m'kati mwa chitseko cha firiza, ndipo m'menemo ndi momwe kamakonda kuundana. Pansi pa chitsekocho, pafupi ndi hinji, pali polumikizira. Lumulani pamenepo, ikani kapu, wina adine. Madzi akatuluka, ayezi ali m'chitseko. Akapanda kutuluka, yang'anani fyuluta, yomwe imafunika kusintha miyezi 6 iliyonse, kapena mphamvu ya madzi, makamaka ngati akuchokera m'thanki losakwera kwambiri.

Posungunula, zulani pulagi, chitseko chikhale chotsekula usiku wonse. Chowumitsira tsitsi chimapinda pulasitiki ya chitseko, musachiyandikize. Kenako onani manambala: firiza ikhale pa -18 °C, chipinda cha zakudya pa 4 °C. Kutentha kwa Tete mu Okutobala ndi Novembala kukapitirira 40 °C, ambiri amatsitsa mpaka -24, madzi a m'kapaipi n'kuundana. Muzitunga kapu imodzi kapena ziwiri tsiku lililonse kuti madzi asagone m'kapaipimo. Ndipo magetsi akathima n'kubwera nthawi yomweyo, zulani pulagi, mudikire mphindi 5 musanayatsenso, kompuresa isadzuke ndi katundu pamutu.