Bwana amandiyamikira thupi: nditani?

Funso: Akonzi, bwana wanga amakamba za thupi langa pamaso pa anthu, ndipo usiku amanditumizira mauthenga ondifunsira. Anzanga akuti ndi nthabwala chabe. Ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Nditani?

Yankho: Achemwali, zimenezo si nthabwala, ndi nkhanza. Pangano nambala 190 la bungwe loona zantchito pa dziko lonse la ILO, la chaka cha 2019, limati nkhanza za pantchito zingachitikenso kudzera m'mauthenga, osati mu ofesi mokha.

Ayankheni kamodzi polemba: "Mauthenga otere sindikuwafuna, chonde lekani." Musaikepo kuseka, chifukwa mawa adzati mumasangalala nazo.

Pomwe ambiri amagwa mphwayi ndi pa umboni. Musafufute uthenga uliwonse. Jambulani screenshot yoonetsa nambala ndi tsiku, popeza pa WhatsApp wotumiza angathe kufufuta uthenga mbali zonse ziwiri. Musasunge pakompyuta ya kuntchito, angakutsekereni. M'kabuku kanu lembani tsiku, nthawi, malo, mawu enieniwo ndi amene analipo, tsiku lomwelo mutu usanaiwale. Sunganinso makalata oyamikira ntchito yanu, pakuti wobwezera amakonda kunena kuti mwayamba ulesi.

Kenako lembani dandaulo kwa oyang'anira antchito kapena mkulu wa bwanayo, ndipo asayine pepala lanu lotsala. Dandaulo lapakamwa limakanidwa mosavuta. Akanyalanyaza, pitani ku bungwe la ogwira ntchito kapena ku ofesi ya boma yoona zantchito. Musafulumire kusiya ntchito musanafunse wodziwa malamulo. Akakugwirani thupi mokakamiza, kaneneni kupolisi.